Anandibwereka Kuti Ndikhale Mwamuna Kusikelo

Kutchalitchi kwathu kuli anthu amene mpaka lero akandiona amagwirana m'nthiti n'kumanong'onezana kuti ndi uja wa mitala. Ine mitala sindinaikhalepo, ndipo sindingaithe, poti mkazi mmodzi amene ndili nayeyu amandikwanira n'kutsalako. Dzinalo ndinalitola Lachiwiri lina nyengo yokumba mtedza, ndipo ndikakumbukira tsikulo mantha amayamba kaye, kuseka kumabwera pambuyo.

Timakhala kumudzi, kuseri kwa Chiparamba. Kiliniki yathu ili patali ndithu, moti woyenda pansi amanyamuka kusanayere n'kukafika dzuwa likuwotcha kale pamsana. Anesi alipo amodzi okha. Omwewo a malungo, omwewo a ana, omwewo othandiza amayi pochira. Tsiku la sikelo ya amayi apakati lili ndi lamulo lakelake: wobwera ndi mwamuna wake amalowa moyamba, wobwera yekha amadikira mpaka apabanja onse atathandizidwa. Analiika ndi mtima wabwino, kuti ife amuna tisiye kuona mimba ngati nkhani ya akazi okha. Koma amene amuna awo ali kutali amauma padzuwa, ndipo kukagwa matenda adzidzidzi amauzidwa kuti abwerenso sabata yamawa.

Zimenezo n'zimene zinamuonekera Misozi, mkazi wa mng'ono wanga Lazaro. Lazaro amayendetsa mathiraki odutsa malire a pa Mwami, ndipo akachoka amakhalitsa, foni yake n'kumagwira ikafuna yokha. Misozi anachedwa kuyamba sikelo podikira mwamuna wake. Atatopa anapita yekha, nthawi inatha asanalowe. Anapitanso, anapeza anesi atanganidwa ndi mayi wina wochira, n'kubwerera osaonedwa. Pamenepo mimba inali itakula, miyendo itatupa moti patapata sankalowa, mutu ukumuwawa tsiku lonse, ndipo ankati nthawi zina amaona tinthu tothwanima m'maso.

Mkazi wanga, amake Mwai, anali atapita ku Chipata kukagulitsa mtedza woyamba, akugona kwa mkulu wake ku Nabvutika. Choncho Misozi anandipeza ndekha pakhonde ndikuthothola mtedza. Anayesa kugwada, miyendo inakana, ndipo anangokhala pansi chapatali.

"Alamu, ndili ndi pempho, koma musandiseke."

"Nenani, mlamu."

"Mawa mukandiimire ngati mwamuna wanga kusikelo. Mukangokhala pabenchi basi. Anzanga amabwereka anyamata onyamula anthu panjinga, koma ine munthu wachilendo ndikumuopa."

Akanakhala mkazi wa mkulu wanga ikanakhala nkhani yoseka, poti ameneyo timachita naye nthabwala, ngakhale kumutchula mkazi wanga pagulu. Koma mkazi wa mng'ono wako ndi waulemu, sukhala naye mphasa imodzi. Ndinafuna kukana. Kenako ndinayang'ana mapazi aja, onyezimira ngati akufuna kuphulika, ndipo ndinamva pakamwa panga pakuvomera ine ndisanamalize kuganiza. Zoimbira amake Mwai zinandibwerera m'mutu, koma foni kwathu imagwira ukakwera pachulu cha kuseri kwa khola, ndiye ndinati ndidzamuuza ndikabwerako. (Amuna anzanga, mawu akuti ndimuuza ndikabwerako ndi amene adzatimalize.)

M'mawa ndinam'kweza panjinga yanga yamoto, chikwama chake chili pakati pathu ngati mpanda. Ndinayendetsa pang'onopang'ono, ndikuzemba maenje, ndikudzilimbitsa mtima kuti kukhala pabenchi si ntchito.

Titafika tinapeza mabenchi a apabanja ali pamthunzi, amayi obwera okha atatsamira khoma mbali ya dzuwa. Amuna anzanga apabenchipo anali anyamata okhaokha, ena ndevu zisanagwirane. Ine imvi zayamba kale m'mbalimu, pamene Misozi akanatha kukhala mwana wanga woyamba. Maso onse anatembenukira kwa ife. Ndinakhala pansi, ndinavula chipewa, ndinachivalanso.

Ndipo wokonza mzere anatulukira. Anali amayi Zulu, amene amathandiza pakiliniki mongodzipereka. Amayi Zuluwa ndi mkulu wa amayi kuparishi kwathu, ndipo pa zikondwerero zazikulu amaimba ndi mkazi wanga mzere umodzi. Amakhala kutsidya, choncho ine amandidziwa bwino, koma Misozi anali asanamuonepo.

"Atate ake Mwai, mwadzuka bwanji? Amake Mwai ali bwanji?"

"Ali bwino. Ali ku Chipata."

"Oho, ali ku Chipata." Anayang'ana mimba ya Misozi, anandiyang'ana ine, anayang'ananso mimba. "Nanga awa?"

Anesi anali ataima pakhomo, pafupi moti akanamva. Ndikanati ndi mlamu wanga, Misozi akanabwerera kukhoma kuja, mwina n'kupitanso kumudzi osaonedwa.

"Awa ndi akunyumba."

"Akunyumba kuti?"

"Kunyumba."

Amayi Zulu anamaliza kukonza mzere, kenako ndinawaona akuzungulira kuseri cha kuthanki ya madzi, foni ili m'manja. Pakiliniki pathu foni imagwira pathanki pomwepo, ndipo ndinadziwa kuti akuimbira amake Mwai.

Asanayambe kuitana anthu, anesi amaphunzitsa kaye. Anesi athu anachokera ku Lusaka, ndipo amalankhula Chinyanja cha kumeneko, chothamanga. Anayang'ana pagulu n'kuloza ine.

"Onani atate aba, bakulu koma sibanachite manyazi. Imililani atate, tikuombeleni m'manja."

Ndinaimirira, anthu anaomba m'manja. M'moyo wanga wonse sindinaomberedwepo m'manja pagulu, ndipo tsiku loyamba kunali kundiombera bodza.

"Manje tiuzeni, mimba ya bakazi banu ili na myezi ingati?"

Ndinayang'ana Misozi. Anayesa kundionetsa zala m'mbali mwa chitenje, koma maso anga anali atachita chidima. Ndinatchula mwezi umene unachititsa ngakhale amayi a kukhoma kuja kugwa ndi phwete. Mnyamata wina anati mwina bambowa akuwerenga mimba ya mbuzi yawo. Ndinakhala pansi ndikupempha Mulungu kuti zithere pomwepo.

Sizinathere pomwepo. Chifukwa choti ndinali chitsanzo chabwino, anatilowetsa oyamba.

M'kachipindamo munali bedi, tebulo ndi mipando iwiri yogundana. Anesi atangoona miyendo ya Misozi, ulemu wonse wa panja uja unatha.

"Imwe atate, mugona naye nyumba imodzi uyu, miyendo iyi simunaione? Munali kuyembekeza chani?"

Ndinati pepani. Ndinapepesa m'malo mwa Lazaro, amene pa nthawiyo mwina anali kudya chipisi kumalire osadziwa kanthu.

"Mwana asewela bwino? Mumaikako kwanja pamimba?"

"Nthawi zina."

"Mukali kugona pamodzi?"

Pakhoma panali chithunzi cha udzudzu, ndipo ndinauyang'ana udzudzuwo mpaka ndinawerenga miyendo yake. Misozi anaphimba nkhope ndi chitenje. Anesi anaona ngati ndi manyazi a anthu akumudzi, anapukusa mutu, n'kukoka kabokosi.

"Manje tipime magazi, nonse babili."

Apa ndiye pamene ndinadziwa kuti benchi ija inali nyambo chabe. Ine ndimapha mbuzi pamaliro, ndimafula nkhumba za anthu mudzi wonse, koma singano ikaloza thupi langa ndimakhala mwana. Komanso magazi anga ndinali ndisanapimitsepo, ndipo unyamata wanga sindinauthere m'kwaya. Mantha ena anabwera pamwamba pa amenewo. Nanga akapeza matenda mwa Misozi, ine n'kumva nkhani ya m'nyumba mwa mng'ono wanga iye asanaimve? Nanga akapeza mwa ine ndekha, n'kuyamba kutilangiza ngati banja, mlamu wanga akumvetsera? Ndinafuna kuulula, koma Misozi anali asanaonedwe n'komwe. Ndinapereka chala.

Anatibaya, anadontheza magazi pa timapepala tiwiri, n'kutisiya patebulo kuti tidikire. Podikirapo anamanga lamba pamkono wa Misozi, anapopa, anayang'ana. Anamasula, anamanga mkono winawo, anapopanso. Nkhope yawo inasintha. Anaponya diso patebulo paja, kenako kwa ine, ndipo analankhula motsitsa mawu.

"Atate, nifuna mulimbe mtima."

Ine ndinangomva kuti basi, magazi anga andipereka. Udzudzu wa pakhoma uja unayamba kuzungulira, makutu analira, ndipo zina sindikuzidziwa.

Ndinatsitsimuka ndili chagada pasimenti, miyendo ili pampando, amayi Zulu akundikupiza ndi katoni. Ankakupiza ndithu, koma nkhope yawo inkaonetsa kuti akanakonda kundimenya nayo katoniyo.

"Ukani imwe, nilibe nthawi yanu," anatero anesi. "Magazi yali bwino, nonse babili. Vuto ni uyu."

Anafotokoza mwachidule. Magazi a Misozi ankathamanga kwambiri, ndipo kutupa kuja, mutu uja ndi tinthu tothwanima tija zinali zizindikiro zake. Nthawi ina iliyonse akanatha kuyamba kugwedezeka ngati wakhunyu, ndipo zikatero mayi amapita, mwana amapita, kapena onse awiri. Pakiliniki sakanatha kumusunga. Ankafunika kufika kuchipatala chachikulu ku Chipata tsiku lomwelo.

Manyazi okomoka aja anandithera pomwepo. Mantha onse amene ndinali nawo m'mawa anali a ine mwini, a chala changa ndi mbiri yanga. Awa anali ena, oopera Misozi ndi mwana wake.

Anesi anam'patsa piritsi, anam'baya jakisoni m'matako, n'kuthamangira kuthanki kukaimbira ambulansi. Anabwerako akupukusa mutu: inali itapita kukatenga wodwala kudera lina, ndipo panalibe wodziwa nthawi yobwerera. Ndinatchula njinga yanga, anandiyang'ana ngati ndatukwana. Iwo kutiperekeza sakanatha, poti panja amayi anali adakali mzere ndipo mmodzi anali atayamba kale kubuula.

Amene anatipulumutsa ndi amayi Zulu omwewo. Anathamangira kumagolosale n'kubwera ndi a Saidi, ogula mtedza ochokera ku Chipata, amene anali atangoyamba kupima matumba. A Saidi sanafunse zambiri. Anauza alimi kuti adikire, anatsitsa matumba amene anali atakweza kale, ndipo tinayala matiresi a pakiliniki kumbuyo kwa galimoto yawo.

"Agone cham'mbali, kumanzele," anesi anandiuza. "Akayamba kugwedezeka osamuika kanthu mukamwa, mungomugwila asazipweteke. Na imwe osakomokanso."

Msewu wathu ndi wafumbi, wamabampu okhaokha, ndipo tsikulo ndinaumva bampu lililonse m'mano. Ndinagwada pambali pa Misozi, dzanja lina litagwira ambulera yomutchingira dzuwa, lina litagwira chitsulo cha galimoto. Maso anga sanachoke pa zala zake, ndipo chikangosuntha chala mtima unkalumpha kuti zayamba. Ndinayamba kupemphera, koma mapemphero amene ndakhala ndikuwanena kuyambira ubwana anasokonekera, ndinkayamba lina n'kumalizira lina. A Saidi ankatulutsa mutu pawindo n'kufunsa kuti akazi anu ali bwanji kumbuyoko, ine n'kumayankha kuti alipo. Za ulemu wa mlamu zinali zitaiwalika, ndinkamupukuta thukuta pamphumi ndi chipewa changa.

Tili pafupi kulowa mumsewu wa tala, Misozi anatsegula maso.

"Alamu."

"Ndili pano."

"Ndikapanda kudzuka, mukamuuze Lazaro kuti kusikelo ndinkapita. Asadzaganize kuti ndinachita ulesi."

Ndinamukalipira kuti asiye kulankhula zopusa, adzamuuza yekha. Koma mawu ananditulukira opyapyala, ndipo ndinayang'ana kumapiri kuti asaone nkhope yanga.

Kuchipatala anam'landira mwachangu, anam'goneka pakabedi kamatayala n'kulowa naye. Ine ndinatsala m'khonde ndi chikwama chake. Patapita kanthawi anatuluka adokotala, mtsikana wamng'ono ndithu, n'kunena kuti kuti apulumutse mayi afunika kutulutsa mwana tsiku lomwelo mwa opaleshoni, ngakhale masiku ake anali asanakwane.

"Ndinu amuna awo?"

Bodza lija ndinalinyamula kuchokera m'mawa, koma apa linandilemera. Mwana wa mng'ono wanga, mkazi wa mng'ono wanga, ine n'kuyankhira ngati mwini wake? Ndinaulula zonse, mothamanga ndi mosokoneza, mpaka za chulu cha kuseri kwa khola.

Adokotala anandimvetsera theka lokha. "Zilibe kanthu, bambo. Mayiyu tamufotokozera, wamva, ndipo wavomera yekha. Inu mutipezere mzimayi woti adzakhale naye."

Mzimayiyo sindinachite kumufuna. Nditacheuka ndinaona amake Mwai akubwera m'khondemo, mkulu wake ali pambuyo. Chitenje anali atachimanga cholimba m'chiuno, ndolo atavula, kumapazi atavala nsapato zothamangira zobwereka. Takhala m'banja zaka zambiri, ndipo kavalidwe kameneko ndinakaonapo kamodzi kokha, tsiku limene munthu wina anamenya mwana wathu kudambo. Amayi Zulu anali atamuimbira kachiwiri kumuuza kumene tinalowera.

"Ali kuti?"

"Ndani?"

"Akunyumba."

Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka, ndipo anatuluka ndi kabedi kaja kupita kochitira opaleshoni. Misozi anatembenuza mutu, nkhope yotupa, botolo la madzi likulendewera pambali.

"Amake Mwai, mwabwera," anatero.

Mkazi wanga anaima ngati wamenyedwa. Anayang'ana Misozi, anandiyang'ana ine, ndipo ndinaona nkhondo yonse ikutsika m'mapewa mwake. Anandilanda chikwama, anagwira dzanja la Misozi, n'kuyenda naye mpaka pamene anamuletsa kupitirira.

Tinadikira pabenchi dzuwa likupendeka. Munthu aliyense wovala zoyera akatuluka tinkaimirira tonse, akatidutsa n'kukhalanso. Kenako amake Mwai analankhula akuyang'ana pansi.

"Miyendo ija ndinaiona ndisanachoke. Ndinati ndi za mimba."

Ndinati inenso ndinaiona.

"Mukanandiimbira."

"Ndinaopa."

"Mumaopa zambiri inu," anatero, koma dzanja lake linali litagwira malaya anga.

Anabadwa mwana wamkazi, wamng'ono moti thewera linkamufika m'khwapa. Misozi anadzuka. Anakhalitsa m'chipatala, mwanayo akumufunditsa pachifuwa, amake Mwai akugona pansi pambali pa bedi. Lazaro titamupeza pafoni analira ngati mwana, ndipo atafika anandikumbatira. Atamva zokomoka zija anaseka mpaka kukhala pansi. Amayi Zulu anabwera kudzapepesa ndi nkhuku, koma nkhani anali ataiuza kale anthu angapo popempha kuti atipempherere, ndipo nkhani yotero sibwezedwa ndi nkhuku.

Ine ndinalumbira kuti pakiliniki paja sindidzapondanso tsiku la sikelo, ngakhale atandimanga. Lumbirolo linakhala mpaka mvula yoyamba. Tsiku lina ndikukonza khasu, amake Mwai anabwera atanyamula mwana wa Misozi, n'kundiuza kuti Eneresi, mtsikana woyandikana nafe amene mwamuna wake ali kumigodi, wabwezedwa kusikelo ndipo nkhope yayamba kutupa.

"Lachiwiri mukamunyamule. Amayi Zulu ndawauza kale ndekha."

Ndinakana. Ndinati ndili ndi mbiri yoti ndiiteteze, anesi akundidziwa, ndipo chala changa si cha boma. Sananditsutse. Anangondilanda khasu n'kundiika mwana uja m'manja. Anali atayamba kulemera, masaya atatuluka, ndipo anandigwira chala mwamphamvu.

"Muyang'aneni ameneyo," anatero, "kenako mundiuzenso za singano."

Lachiwiri ndinali pabenchi ya pamthunzi, Eneresi ali pambali panga. Anesi atatuluka anandiyang'ana nthawi yaitali, anayang'ana nkhope ya mtsikanayo, n'kupumira m'mwamba.

"Atate ba mitala, ngenani. Koma mukhale pansi pasimenti nikalibe kutenga singano."

Ndinakhala pasimenti, ndinatsinzina, ndinapereka chala. Eneresi anaonedwa woyamba.